Nambala ya pa intaneti siidziwa mudzi wa mlimi

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chongwe

NYENGO ya fataleza ikayandikira, funso limene limamveka pa msika wa Chongwe, m'misonkhano ya makopaletivu ndiponso panja pa chalichi mapemphero akatha ndi limodzi: kodi dzina langa latuluka? Kale yankho linali m'buku la mlembi wa kopaletivu ndi m'mafaelo a ku ofesi ya DACO. Masiku ano lili mu kompyuta, ndipo mlimi amene dzina lake lasowa kawirikawiri amangouzidwa kuti "sisitemu yakana".

Sisitemu siikana yokha. Kaundula wa pa kompyuta ali ngati ufa wocokera ku cigayo: pamakhala munthu amene wasankha sefa, ndipo ndiye amadziwa cimene afuna kuti cigwe m'licero ndi cimene afuna kuti citsale pamwamba. Pali sefa ya nambala ya reji, sefa ya nambala ya foni, sefa ya dzina la kopaletivu. Lero tikambe za sefa ina imene alimi ambiri sanaimvepo, koma imene akatswiri a makompyuta ndi ofufuza za katangale pa dziko lonse amaikonda kwambiri. Iyi ndi sefa ya nambala ya IP, nambala imene foni kapena kompyuta imanyamula ikalowa pa intaneti. Ingathandize kugwira mbala, koma ingathenso kugwetsa mlimi wosalakwa ngati woigwira sadziwa polekezera pake.

Tiyambe ndi kukumbutsana mmene maina athu anafikira mu kompyuta. Thandizo la fataleza wochipa linayamba mu 2002 ndi dzina la Fertilizer Support Programme, ndipo mu 2009 linasinthidwa kukhala FISP. Kwa zaka zambiri zonse zinali za mapepala, ndipo madandaulo anali osatha: fataleza kufika mvula itagwa kale, matumba kusowa panjira, maina a anthu amene anamwalira kalekale kapena amene sanagwirepo khasu kupezeka pa mndandanda. M'nyengo ya 2015/2016 Boma linayesa njira ya e-voucher m'maboma 13, ndipo Chongwe inali pakati pawo. Mlimi anali kulipira K400 yake, Boma n'kuika gawo lake pa kadi, iye n'kukasankha yekha katundu kwa agro dila. Amene analipo akukumbukira makadi ocedwa kutsegulidwa ndi makina oswaipira amene anali kuima netiweki ikathawa, anthu ali pa mzera kuyambira m'mawa.

Mu 2017 kunabwera ZIAMIS, kaundula wamkulu wa alimi wa Unduna wa Zaulimi, wopangidwa pamodzi ndi Smart Zambia Institute mothandizidwa ndi bungwe la FAO. Pambuyo pake Boma linabwerera ku njira yogawa matumba m'maboma ambiri, koma mu 2023/2024 e-voucher inayambanso m'zigawo za Lusaka ndi Central, ndipo m'nyengo yotsatira inafika ku maboma 74. Tikunena za alimi opitirira miliyoni imodzi. Palibe munthu angawerenge maina onsewa ndi maso, ndiye cifukwa cake masefa afunika.

Kaundula wotere sakhala m'kabati ya pa boma la Chongwe. Amakhala pa kompyuta yaikulu kwina, ndipo mlangizi wa pa kampu, mlembi wa ku ofesi ndi agro dila onse amaufikira kudzera pa intaneti. Wina akagogoda, kompyuta yaikuluyo imaona nambala ya IP imene uthenga wacokera, pakuti popanda nambalayo siingadziwe kotumiza yankho. Sisitemu iliyonse yopangidwa bwino imalemba zimenezi monga mmene mlonda wa pa geti amalembera m'buku la alendo: walowa ndani, nthawi yanji, wakhudza ciyani, ndipo wabwera ndi nambala iti. Tsiku limene pabuka mlandu, buku limeneli ndilo limatsegulidwa.

Nambalayo imaoneka motere: 198.51.100.7. Musavutike kuifufuza, siya munthu aliyense, inapatulidwa kuti izigwiritsidwa nchito pophunzitsa. Ili ndi mbali zinayi, ndipo mbali iliyonse imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Dongosolo limeneli linalembedwa mu 1981, ndipo limapereka manambala pafupifupi 4.3 biliyoni. Pa nthawiyo anaoneka ngati sadzatha. Ngakhale mu 1994, pamene intaneti inalowa m'Zambia kudzera ku Zamnet pa University of Zambia, palibe amene anaganiza kuti tsiku lina mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa Great East Road adzakhala ndi intaneti m'citenje. Koma mu February 2011 nkhokwe yaikulu ya pa dziko lonse inagawa manambala ake otsiriza. Kuli dongosolo latsopano la IPv6 la manambala aatali kwambiri, koma lakaleli likugwirabe nchito yambiri.

Manambalawa sagawidwa imodziimodzi. Amagawidwa ngati malo. M'dziko la Mfumu Nkomeshya munthu sangodzuka n'kukhoma cikhomo pamene wafuna, malo amadzera kwa anyakwawa kenako n'kufika ku banja. N'cimodzimodzi pa intaneti. Bungwe la IANA linagawa zigawo zikuluzikulu kwa mabungwe asanu a pa dziko lonse. La Africa ndi AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius ndipo linavomerezedwa mu 2005. Manambala oyamba ndi 41, 102, 105 ndi 197 ali m'manja mwake. AFRINIC imadula zigawo zing'onozing'ono n'kupatsa makampani monga MTN, Airtel ndi Zamtel, mayunivesite ndi mabanki, ndipo makampaniwo ndiwo amabwereketsa nambala kwa inu ndi ine.

Kucokera mu 1993 cigawo cimalembedwa ndi kamzera kumapeto. Akalemba 198.51.100.0/24 ndiye kuti akunena manambala onse kuyambira 198.51.100.0 kufika 198.51.100.255, onse pamodzi 256. Nambala ya pambuyo pa kamzera ikatsika ndi imodzi, munda umakula kawiri: /23 ndi manambala 512, /22 ndi 1,024, /16 ndi 65,536, ndipo /8 ndi opitirira 16 miliyoni. Conco kusefa kaundula ndi cigawo ndiko kufunsa kompyuta kuti: ndionetse zolembedwa zonse zimene zinalowa ndi nambala yokhala pakati pa cikhomo ici ndi cikhomo ico. Yankho limabwera munthu asanamalize kumwa tiyi.

Pamenepa pali mbuna ziwiri za kusasamala. Yoyamba ndi ya kulakwitsa polemba. Mlembi amene wafuna /24 koma walemba /16 wakulitsa ukonde wake kokwana 256, ndipo kompyuta siimufunsa ngati watsimikiza. Yaciwiri ndi ya munthu amene amasefa nambalazi ngati mawu. Akauza kompyuta kuti imupatse zonse zoyamba ndi 41.7, idzamupatsa 41.7, komanso 41.70, 41.72, 41.77 ndi ena otero, amene ndi minda ya eni osiyanasiyana, ena a m'maiko ena. Mapulogalamu odziwika osungira makaundula, monga PostgreSQL ndi MySQL, ali ndi njira yosandutsira mbali zinayi zija kukhala nambala imodzi yoyezeka bwino. Wodziwa nchito amagwiritsa njira imeneyo, wa cangu amangoyang'ana zoyambirira.

Tsopano mfundo imene mlimi aliyense ayenera kuigwira ndi iyi: palibe cigawo ca manambala colembedwa kuti Chongwe. Palibe ca Kanakantapa, palibe ca Lwimba, palibe ca Palabana. Zigawo ndi za makampani, si za maboma kapena midzi. Munthu wa ku Chalimbana ndi munthu wa ku Mansa amene ali pa netiweki imodzi angatuluke ndi manambala oyandikana, pamene mwamuna ndi mkazi wake m'nyumba imodzi, wina pa 097 wina pa 096, angatuluke ndi manambala osafanana n'pang'ono pomwe. Onani reji yanu. Manambala awiri a pakati amanena kumene munatengera reji, sanena kumene mukulima lero. Mlimi wa ku Kanakantapa amene anatengera reji ku Petauke sakhala mlimi wabodza cifukwa ca zimenezo. Nambala ya IP imanena zocepa kuposa pamenepo.

Ndipo pa foni nkhaniyi imasokonekera kwambiri. Popeza manambala akale aja anacepa, makampani a mafoni amadutsitsa anthu ambirimbiri pa nambala imodzi ya kunja, monga anthu okwera basi imodzi amene wapolisi wa pamsewu amangoona nambala ya galimoto. Mukazimitsa data n'kuyatsanso, mungapezeke mwakwera basi ina. Kuti adziwe kuti pa ola lakuti ndi mphindi yakuti nambalayo inali ndi SIM iti, ofufuza ayenera kupita ku kampani ya foni motsatira lamulo, atanyamula nthawi yeniyeni, cifukwa ndi kampaniyo yokha imene ili ndi buku la okwera. Popanda sitepe imeneyi, nambala ya IP imangoloza gulu.

Tiyerekeze conco. Wofufuza wasefa kaundula ndipo wapeza kuti maina 300 a alimi analowetsedwa tsiku limodzi, ndi nambala imodzi, ena mpaka usiku. N'zoyenera kuti aime ndi kufunsa. Mwina ndi munthu wakhala m'cipinda cake ndi mulu wa makope a mareji, akupanga alimi a mizukwa kuti adzatenge fataleza n'kukagulitsa ku Soweto Market. Apa sefa yagwira nchito yabwino imene mapepala sakanatha. Koma mwinanso ndi mlangizi wa pa kampu yakutali kumene netiweki imapezeka pa culu cokha, amene wasonkhanitsa mafomu kwa masabata awiri, wakwera njinga yamoto kufika pa boma, n'kukhala pa ofesi kufikira mdima kuti alimi ake asatsalire tsiku lotsekera lisanakwane. Pa kompyuta anthu awiriwa amaoneka cimodzimodzi. Amene angawasiyanitse ndi uja amene adzapita kumudzi kukaona ngati mundawo ulipo, kukafunsa anyakwawa ndi komiti ya zaulimi ya pa kampu ngati munthuyo amamudziwa. Kufufuta maina onse 300 pa desiki cifukwa ca nambala imodzi ndi kutsata mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Kwa banja lodalira matumba ocepa aja, ndi nkhokwe yopanda kanthu mu February.

Ena adzati, nanga si pali makompyuta amene amaonetsa pa mapu pamene nambala ili? Alipo, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuimva alimi, pakuti inagwera famu.

Ku America kuli kampani yochedwa MaxMind imene imagulitsa mndandanda wonena kuti nambala yakuti ili m'dera lakuti. Pa manambala amene inangodziwa kuti ali m'dziko la America koma osadziwa mzinda, kucokera mu 2002 inali kuika cizindikiro pakatikati pa dzikolo. Malo amene inasankha anagwera pa famu ina pafupi ndi katauni ka Potwin m'cigawo ca Kansas. Manambala opitirira 600 miliyoni anali kuloza pa khomo limenelo. Kwa zaka zambiri okhala pa famupo anali kulandira alendo osaitanidwa: apolisi ofuna ana othawa kwawo, a FBI, okhometsa misonkho, ma ambulansi, ndi anthu okwiya amene anaberedwa pa intaneti. Eni ake sanadziwe cimene analakwa kufikira mu 2016 pamene mtolankhani anafukula nkhaniyi. Banja limene linali kucita lendi pa famupo linasumira kampaniyo, ndipo kampaniyo inasamutsira cizindikiro cija pakati pa nyanja kuti cisalozenso pa nyumba ya munthu.

Musaganize kuti n'za kutali kokha. Mu 2019 zinadziwika kuti banja lina ku Pretoria, ku South Africa, linavutika mofananamo kwa zaka. Anthu ndi apolisi anali kufika pa geti kufuna mafoni ndi makompyuta obedwa, cifukwa cizindikiro ca mzinda wonse wa Pretoria cinali citaikidwa pa bwalo la nyumba yawo. Kuno kwathu, manambala a pa foni nthawi zambiri amaonetsa Lusaka, kumene kuli malikulu ndi makina a makampani, ngakhale mwini foni ali m'munda ku Lwimba. Wina angaone zimenezi n'kunena kuti, onani, awa ndi a m'tauni ofuna kudya za alimi. Kwa ife a Chongwe ngoziyo ndi yaikulu, popeza tili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 cabe kucokera mu mzinda, ndipo nkhani ya anthu a ku Lusaka okhala ndi minda kuno ndi yodziwika kale. Wokayikira sasowa pogwira.

Sindikunena kuti sefa imeneyi itayidwe. Pali pamene imagwira bwino, makamaka poyang'anira ogwira nchito osati alimi. Ofesi imene ili ndi intaneti yakeyake ya nambala yosasintha ingathe kuikidwa pa mndandanda wa ololedwa, kuti zinthu zikuluzikulu, monga kufufuta dzina kapena kusintha nambala ya foni ya mlimi, zizicitika kucokera pa maofesi odziwika okha. Mabanki amacita zimenezi. Ndipo ngati dzina lolowera la mlembi wa ku Chongwe lapezeka likugwira nchito pakati pa usiku kucokera pa nambala ya dziko lina, limenelo ndi belu loyenera kulira. Komabe mbala yocenjera imadziwa kubisala ndi VPN, njira yobwereka nambala ya kwina, kotero kuti amene amagwidwa msanga ndi sefa yotere kawirikawiri ndi wosadziwa, osati katswiri. Ndipo pamene ogwira nchito atatu akubwerekana pasiwedi imodzi, monga mmene zimacitikira m'maofesi ambiri netiweki ikavuta, buku la mlonda lija limangolemba dzina limodzi pa zocita za onse atatu.

Izi sizikhudza fataleza yekha. Maparishi, masukulu ndi magulu osungitsa ndalama nawonso ayamba kusunga maina ndi zopereka pa kompyuta ndi pa foni. Buku la ubatizo la ku mishoni ya Kasisi, kumene abambo aciJesuit anafika mu 1905, linali kulemba munthu ndi dzina lake, makolo ake ndi mudzi wake, ndipo wolembayo anali atamuona ndi maso. Msungicuma wa gulu amene lero wauzidwa ndi mwana wa sukulu kuti "tapeza IP ya amene anaba" aganize kawiri asanaimirire pa msonkhano kuchula dzina la munthu. Ngati pa nyumba ya parishi kapena pa sukulu pali Wi-Fi imodzi, onse olumikizidwa pamenepo amatuluka ndi nambala imodzi, kuyambira mphunzitsi wamkulu mpaka mnyamata woimirira kunja kwa mpanda amene anauzidwa pasiwedi ndi mnzake.

Lamulo la Data Protection Act, limene linakhazikitsidwa mu 2021, linapatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye mu kaundula, ufulu wopempha kuti zolakwika zikonzedwe, ndi ufulu wokana kuti nkhani yomukhudza kwambiri igamulidwe ndi makina okha popanda munthu kuiyang'ana. Alimi ocepa ndiwo amadziwa zimenezi, ndipo ocepa kwambiri ndi amene angalimbe mtima kuzichula pa windo la ofesi. Apa ndi pamene makopaletivu ayenera kuonetsa kuti sanapangidwire kusonkhanitsa K400 cabe. Mlimi mmodzi akafunsa amauzidwa kuti abwere mawa. Wapampando akabwera ndi kalata ya mamembala khumi ocotsedwa, yolembedwa maina, manambala a reji ndi masiku olipira, yankho limakhala lina.

Funso loyenera kufunsa mlangizi kapena a ku ofesi ya DACO si lakuti "n'cifukwa ciyani sisitemu yakana", pakuti limeneli lili ndi yankho lokonzeka kale. Funsani kuti dzina lagwa pa sefa iti. Ngati ndi reji yolembedwa kawiri, mudzaonetsa reji yeniyeni. Ngati ndi nambala ya foni yosagwirizana ndi dzina, mudzakonza ku kampani ya foni, ndipo apa ambiri timadzipweteka tokha polembetsa ndi SIM ya mwana kapena ya mlamu. Ngati ndi cifukwa cakuti dzina lanu linalowa pamodzi ndi gulu lokayikitsa, pemphani kuti abwere adzaone munda, ndipo anyakwawa ndi a komiti ya pa kampu akuikireni umboni m'kalata.

Sungani lisiti yolipirira ndi mauthenga onse a pa foni okhudza FISP kufikira nyengo itatha, musafufute pofuna malo a zithunzi. Lembani m'kabuku tsiku limene munalembetsa, malo ake, ndi amene anakulembani, cifukwa ofufuza akadzatsegula buku la mlonda adzayang'ana tsiku ndi ola, ndipo kabuku kanu kadzasonyeza kumene munali. Amene akupemphani reji, foni kapena nambala yacinsinsi kuti "akuthandizeni kulowa mu sisitemu" mukaneni, ngakhale ndi wa mu mpingo mwanu. Akalembetsa mizukwa makumi awiri pa foni yake pamodzi ndi inu, sefa ikadzadutsa dzina lanu lidzapezeka m'gulu limodzi ndi mizukwayo, pa nambala imodzi ndi pa ola limodzi.